Wawa a Ma Bu, Mkhalapopandampando

Ilire ng'oma! Ilire m'bandakucha, nkhuku zisanatsike. Ilire pa phiri la Song, m'chigawo cha Henan, pomwe nkhungu imafunda mapewa a Shaoshi ngati chikopa cha mfumu. Ilire mpaka Huang He, mtsinje wachikasu, wobereka dothi la zigwa kumsana, atembenuke kudzamvera. Ilire mpaka Chang Jiang, mtsinje wautali, wong'amba mapiri, achepetse mkokomo. Ouluka m'malere adikire kaye. Oswa njerwa ndi mutu akhale pansi. Lero bwalo ndi la woima. Lero bwalo ndi la wotsika. Lero bwalo ndi la uja ntchafu zikuyaka moto koma phazi lili nji!

Wawa a Ma Bu! Wawa Mkhalapopandampando! Wawa Mkwerakavalo amene kavalo wake saoneka ndi maso! Inu Chitsindiranthaka. Inu Chiphwanyantchafu. Inu Mzati wosadyedwa ndi chiswe. Inu Fuwa losapsa, ngakhale moto ukolezedwe mibadwo khumi. Inu Mlonda wa pakhomo, wosalandira chiphuphu, wosadziwa mwana wa mfumu, wosamvera chisoni mwana wa mlimi. Kumpoto amalowera kwa inu. Kumwera amalowera kwa inu. Wa mkondo ayambira kwa inu, wa ndodo ayambira kwa inu, wa lupanga ayambira kwa inu. Palibe analumpha mpanda wanu nakhala ngwazi.

Wawa Kholo la zibakera! Wawa Mayi wa mateche! Wawa Mkango wogona pakhomo pa kachisi, wosabangula, woopsa ndi kukhala chete!

Taonani mwana pabwalo. Zaka zake sizinakwane khumi. Dzulo lomweli wagwada, wapereka tiyi ndi manja awiri kwa shifu, mphunzitsi amene dzina lake lasenzanso utate. Wabwera ndi maloto a theche louluka. Shifu salankhula zambiri. Amutang'adzitsa miyendo kupitirira mapewa. Amuwongola zala za kumapazi kuti ziloze kutsogolo. Amugwira paphewa, amutsitsa, amutsitsanso, mpaka ntchafu zigone mopingasa ngati thandala. Msana njo! Zibakera m'chiuno, zoloza kumwamba. Maso kutsogolo. Kenaka ayatsa kamtengo ka lubani, akazika m'kambiya ka phulusa, apita kukakhala pamthunzi.

Lubani ndiye wotchi. Lubani sathamanga. Lubani samva kulira. Poyamba mwana aseka mumtima, ati kodi nkhondo yake ndi yomweyi? Kenaka mawondo ayamba kunong'ona. Kenaka ntchafu ziyamba kukuwa. Miyendo inthunthumira ngati bango m'madzi othamanga. Thukuta litsika pamphumi, lilowa m'diso, liwawa ngati tsabola, koma dzanja silichoka m'chiuno. Phulusa la lubani lipindika, ligwa. Kamoto kakadali pakati. Matako akwera pang'ono mwakuba. Ndodo ya shifu ifika, ikhudza bondo, kungokhudza basi. Mwana atsikanso. Misozi isanganikirana ndi thukuta, idonthera pakati pa mapazi awiri, nthaka imwa.

Amenewo ndiwo a Ma Bu! Amenewo ndiwo Chidyetsazowawa! Eni dziko amati chi ku, kudya zowawa, ndipo mbale yoyamba amapakula ndi inuyo. Amenewo ndiwo eni ake a dzina lija gongfu, limene dziko lonse lidalimva ngati dzina la ndewu, pomwe kwawo ndi dzina la luso lophikidwa ndi nthawi ndi khama. Mmisiri wa matabwa ali nayo gongfu. Wofulula tiyi ali nayo gongfu. Mwana uja, lubani asanathe, wayamba kuikolola dontho limodzilimodzi.

Wawa, inu amene mudamanga Shaolin musanasenze mwala! M'chaka cha 495 mfumu Xiaowen idamangira mmonke Batuo kachisi m'nkhalango ya patsinde pa Shaoshi. Zaka zoposa 1,500 zadutsa pamenepo ngati madzi a mvula. Akale amasimba za Bodhidharma, woyang'ana khoma la phanga zaka zisanu ndi zinayi, wosasuntha mpaka mthunzi wake udamatirira pathanthwe. Kudekha kumeneko ndi kwanu. M'chaka cha 621 amonke 13 a kachisiyo adathandiza kalonga Li Shimin pa nkhondo yolimbana ndi ankhondo a Wang Shichong, ndipo mayina awo adazokotedwa pamwala. Miyendo imeneyo ndi yanu. M'chaka cha 1928 mkulu wa asilikali Shi Yousan adayatsa moto kachisiyo. Moto udadya madenga, moto udadya mabuku, moto udadya nsanamira za mitengo. Moto sudadye a Ma Bu. Inu mudatuluka m'malawi muli m'ntchafu za otsala, mudapita nawo kumidzi, mudakhala nawo m'mabwalo opunthira tirigu, mudadikira.

Tsopano itanani abale. Itanani a mimba imodzi. Abwere onse anayi, akhale pamphasa monga mwa ukulu wawo.

Bwerani a Gong Bu, Uta wokoka! Mwendo wakutsogolo wapindika ngati uta, wakumbuyo wawongoka ngati muvi, chidendene chaluma nthaka. Inu Njati yogunda. Inu Chigumula chotsika m'phiri. Chibakera chikatuluka kwa inu chimachokera kuchidendene, chidutsa m'chiuno, chikwera msana, chifika uko chikupita dziko lonse lili pambuyo pake.

Bwerani a Pu Bu, Mgonapansi! Mwendo umodzi wanyonyomala, wina watambalala mpaka kukhudza udzu. Inu Nsato yolowa pansi pa chitseko. Inu Namzeze wometa madzi. Inu Chitsekulamafupa, woliritsa anyamata amatama. Bwerani a Xie Bu, Mpindamiyendo, wokhala pachidendene chake ngati njoka yodzikulunga, wooneka wopuma pomwe ali msampha. Bwerani a Xu Bu, Mpondachabe! Thupi lonse lili pamwendo wakumbuyo, phazi lakutsogolo langopsompsona nthaka. Inu Mphaka woyesa denga. Inu Bodza loyera, wonamiza mdani kuti phazi lilipo pomwe palibe.

Asanu inu, kuphatikiza a Ma Bu, mukagwirana manja mumabala Wu Bu Quan, Chibakera cha Maimidwe Asanu, kamwana kobadwa kali ndi imvi. Kafupi ngati mpweya umodzi wa munthu wothamanga. Kayamba ndi uta ndi chibakera. Kaponya theche ndi chibakera. Katsikira pakavalo, dzanja lina litchinga kumutu, lina libaya. Kapinda miyendo, kanyamula bondo, kagwera pansi, kadzuka kali pa phazi lonyenga. Katha. Kayambirenso! Kamanzere, kamanja. Kayambirenso! Dzuwa lituluke, kayambirenso. Dzuwa lipendeke, kayambirenso. M'mera m'poyamba, ndipo munda wonse wa wushu, luso la nkhondo la ku China, uli m'kambewu kameneka.

Wawa a Tan Tui, Mwendo wofwamphuka ngati msampha wa nkhanga! Inu wa kumpoto, kumene amati kumwera ndi zibakera, kumpoto ndi miyendo. Inu wolemekezeka pakati pa Asilamu a mtundu wa Hui, osunga njira zanu khumi ngati chuma cha makolo. Inu wa njira 12 ku Jingwu, bwalo lija lidatsegulidwa ku Shanghai m'chaka cha 1910 pansi pa dzina la Huo Yuanjia. Mwini dzina adamwalira chaka chomwecho, koma khomo la bwalo lake lidakhala inu. Wolowa aliyense, wophunzira sukulu, kalaliki wa m'sitolo, mtsikana, mnyamata, ankayamba kuyenda njira zanu. Njira yoyamba, pita kutsogolo mowongoka. Tembenuka. Bwerera. Theche thi! Chibakera phu! Phazi di! Mulibe maluwa mwa inu. Mulibe kuvina mwa inu. Ndinu mzere wa mlimi, wolunjika kuchoka kumalire kufika kumalire, ndipo mawa mzere womwewo ukufunanso khasu.

Wawa, inu amene akazembe adakugwadirani! Qi Jiguang, mkango wa ufumu wa Ming, wothamangitsa achifwamba a panyanja m'magombe a Zhejiang ndi Fujian, anali ndi mikondo, anali ndi zishango, anali ndi mfuti. Koma polemba buku lake la nkhondo cha m'ma 1560 adasankha maimidwe 32 a chibakera nawaika monga khomo la msilikali watsopano. Wogwira mkondo ayambe wadziwa phazi lake. Woyang'ana mdani ayambe wayang'ana bondo lake. Kazembe adaona, kazembe adavomera, kazembe adalemba.

Tsikirani kumwera, kumene mitsinje imaluka ukonde ndipo bwato ndi nyumba. Tsikirani ku Guangdong. Kumeneko a Ma Bu avala dzina lina, Sei Ping Ma, Kavalo wa Ngodya Zinayi Zolingana. Kumeneko banja la Hung limaika mwana pakavalo miyezi ndi miyezi asanaone chikhadabo cha kambuku. Wawa Wong Fei-hung, sing'anga wa ku Po Chi Lam, wothyola ndi wolunzanitsa, dzanja limodzi la mankhwala, lina la bingu! Wawa Lam Sai-wing, wogulitsa nyama ya nkhumba amene adasanduka mphunzitsi wa makamu! Wawa Gung Gee Fook Fu Kuen, Chibakera Chogonjetsa Kambuku, njira yaitali yotopetsa, yoyesa mapapo, yoyesa mtima! Onsewa adabadwira pakati pa mapazi anu awiri.

Ndipo chaka chikatembenuka, ng'oma zikagunda m'misewu ya Foshan, mkango wansalu ukadzuka, ukaphethira, ukakwera kukathyola masamba opachikidwa pakhomo la sitolo, khamu limaona mutu wonyezimira. Weramani muone pansi pa nsalu. Muona miyendo inayi ya anthu awiri. Muona mawondo opindika. Muona a Ma Bu atasenza mkango. Wawa Msenzamkango! Wawa wosaoneka pa tsiku la chikondwerero, koma popanda inu mkango ndi chinsanza!

Chete tsopano. Ng'oma itsike mawu. Akulowa wamng'ono amene ali wamkulu.

Wawa a Siu Nim Tau, Kalingaliro Kakang'ono! Wawa woyamba kubadwa m'nyumba ya Wing Chun! Inu Nkhono yotulutsa maso kwa wodekha yekha. Inu Kasupe wosamveka, kholo la mathithi. Mwana wanu amaima mawondo atalozana, ngati wopana mbuzi kuti isathawe. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza phazi silisuntha. Dzanja lamanzere lituluka pakati pa chifuwa, chikhatho choloza kumwamba, pang'onopang'ono, ngati mphukira yoboola nthaka. Chigongono chitsatira mzere wa pakati. Dzanja lizungulira, libwerera litaima ngati mlonda. Ligwa, lipinda, lipitanso kutsogolo. Katatu. Palibe mfuu. Palibe fumbi. Woonerera atopa, ayasamula, achoka. Wotsala ndiye mwini chuma.

Inu amene Ip Man adakunyamulani kuchoka ku Foshan kupita ku Hong Kong m'chaka cha 1949, m'thumba mulibe kanthu, m'manja muli inu. Inu amene mudaimika Bruce Lee, mnyamata wa ndewu za m'misewu, mphezi isanakhale mphezi. Inu amene m'chaka cha 1972, nkhalamba Ip Man itafooka ndi matenda, imfa ili pafupi, idaima nanu pamaso pa kamera kuti a m'tsogolo asasochere. Ndipo idaonetsa chiyani? Idaonetsa inu. Idaonetsa munthu wamtengo, wa manja atatu ndi mwendo umodzi, amene ophunzira amamugogoda mpaka mikono ichite zikang'a. Idaonetsa za poyamba. Ine ndikaganiza za nkhalamba yoondayo, itapana mbuzi yosaoneka, ikutulutsa chikhatho monga idachitira ili mwana, mtima umandigunda kuposa ndikaona mateche chikwi.

Wawanso a San Zhan a ku Fujian, Nkhondo Zitatu, mpweya wa mbalame yoyera ya miyendo yaitali! Masitepe atatu kutsogolo, mimba yolimba ngati ng'oma yowambidwa kumene. Inu mudakwera chombo, mudawoloka nyanja, mudafika ku Okinawa, adakutchani Sanchin, ndipo karate idakuyamwani.

Kwerani kumpotonso. Ku Shanxi ndi ku Hebei aima a San Ti Shi, Utatu wa thambo, dziko ndi munthu. Wawa Chitsa chamoyo! Wawa Mtengo wopuma! Dzanja lina kutsogolo, lina pamchombo, thupi latsamira mwendo wakumbuyo, ndipo nyumba ya Xingyi imati ima pompo. Ima chilimwe. Ima chisanu chikuthyola nthambi. Ukaima mokwanira akupatsa ana asanu. Pi, nkhwangwa yogwa, mwana wa chitsulo. Zuan, madzi otumphuka. Beng, muvi wochoka pauta, mwana wa mtengo. Pao, mzinga wophulika, mwana wa moto. Heng, wopingasa, mwana wa dothi. Asanu okha. Asanu basi. Akale amasimba kuti Guo Yunshen ali m'ndende, unyolo kumapazi, sankatha kuponda sitepe lathunthu. Adatenga theka la sitepe ndi chibakera chimodzi cha Beng, nachibwereza usana ndi usiku. Unyolo utamasulidwa, theka la sitepe lija lidagwedeza dziko. Wawa Chibakera chimodzi chobwerezedwa! Wawa Dontho loboola thanthwe!

Ku Beijing, ana a Dong Haichuan azungulira mtengo. Wawa Bagua, Kamvuluvulu woyenda ndi mapazi a munthu! Woyamba sapatsidwa nkhonya, apatsidwa bwalo. Ayende ngati wodutsa m'matope, phazi lotsetsereka, chiuno chopotoka, maso pathunthu la mtengo. Azungulire mpaka udzu ufe, njira ioneke, njira izame. Ku Chenjiagou, mudzi wa banja la Chen kumpoto kwa Huang He, ana a Chen Wangting, eni Taijiquan, aphunzira kusolola silika. Ukakoka mwaphuma ulusi uduka. Ukazengereza ulusi upotana. Kumeneko Yang Luchan, mlendo wa ku Yongnian, adakhala zaka pansi pa Chen Changxing, ndipo atafika ku Beijing adamutcha Yang Wosagonjetseka. M'chaka cha 1956 ena adadula njira yaifupi ya Taijiquan ya mayendedwe 24 kuti aliyense alowe. M'chaka cha 2020 UNESCO idalemba Taijiquan m'kaundula wa chuma cha anthu onse. Agogo a m'mapaki m'mawa, otambasula manja ngati mitambo, nawonso mawondo awo ndi opindika. Nawonso ndi akapolo anu okondwa, a Ma Bu.

Ife tidakudziwani mochedwa. Tidayamba taona zidzukulu zanu pakanema. Tinkatuluka m'tinyumba ta vidiyo maso ali psuu, tikukuwa, tikuponya mateche m'fumbi, aliyense Bruce Lee, aliyense Jet Li. Filimu ija Shaolin Temple ya 1982 idadzutsa China, anyamata adakhamukira ku Dengfeng, kwawo kwa Shaolin, ngati dzombe, ndipo mafunde ake adafika mpaka kwathu. Tinkakonda nthambi, tsinde osaliona. Koma ku Blantyre, pa Amitofo Care Centre, ana athu omwe adatsika pakavalo wosaoneka, ntchafu zawo zidayaka moto womwewo, ndipo mudawalandira osafunsa mtundu. Wawa wosasankha khungu! Wawa wolankhula chinenero chimodzi, chinenero cha bondo!

Ombani m'manja, kapena chitani monga eni ake, chibakera chamanja chifundidwe ndi chikhatho chamanzere, mphamvu ivale ulemu. Perekani moni kwa a Ya Tui, Mkanikizamwendo, woika chidendene pakhoma m'mawa uliwonse mpaka chipumi chipsompsone bondo. Perekani moni kwa a Ti Tui, mizere ya ana oponya miyendo yowongoka kudutsa bwalo, manja otambasula ngati mapiko a chiwombankhanga, kupita ndi kubwera. Perekani moni kwa a Xiao Hong Quan, njira yakale ya Shaolin, mayi wa njira zambiri. Perekani moni kwa mkulu wa bwalo, shixiong, amene adalira dzana ndipo lero akuwongola phazi la mng'ono wake. Perekani moni kwa masiku ozizira koposa a dzinja ndi masiku otentha koposa a chilimwe, amene eni dziko amati ndiwo masiku ophunzirira.

Tsopano vulani nsapato za mumtima, tilowe m'nyumba ya Abuda Chikwi, kumapeto kwa kachisi wa Shaolin, nyumba imene moto wa 1928 udailambalala. Musayang'ane zithunzi za pakhoma. Yang'anani pansi. Njerwa zalowa. Njerwa zagonja. Maenje 48 ali m'mizere, ngati mitondo ya mudzi waukulu. Eni kachisi amati sadakumbe ndi khasu, sadakumbe ndi nyundo. Adakumba ndi phazi. Phazi la mmonke wopanda dzina, phazi la amene adabwera pambuyo pake, phazi la amene adabwera pambuyo pa ameneyo, malo amodzimodzi, di! di! di! Munsi ndi chidendene. Mtondo ndi dziko. Ufa wake ndi ngwazi.

Wawa Msinjanjerwa! Wawa Mkumbamitondo! Wawa Phiri lokhala m'ntchafu za mwana! Wawa Mtsinje woyenda uli chiimire! Wawa Njovu yogwada yosagwa! Wawa Muzu wa mlambe, woyenda mumdima, wosatamandidwa ndi mbalame! Wawa woyamba! Wawa wotsiriza! Wawa amene nkhalamba ya zaka 80 imabwerera kwa inu ngati mwana kwa amake!

Bwererani pabwalo. Mwana uja akadali pompo. Malaya anyowa ngati wavumbwa. Pakati pa mapazi ake nthaka yada. Milomo yauma, mano alumana, miyendo ikuvina gule wake wokha, koma msana uli njo! Kamoto ka lubani kafika patsinde, kaphethira, kazima. Utsi womaliza ukwera, upotoka, usowa. Shifu adzuka pamthunzi. Ayenda mosafulumira. Amuzungulira mwana kamodzi, ayang'ana mawondo, ayang'ana zidendene, agwedeza mutu pang'ono. Mwana aimirira, miyendo ngati ya mwanawang'ombe wobadwa kumene. Apuma katatu. Shifu apisa dzanja m'thumba, atulutsa kamtengo kena ka lubani, akazika m'phulusa.

Ilire ng'oma! Mwana watang'adza yekha. Mwana watsika yekha. Wawa a Ma Bu, wawa!